Chikhakha: Mbiri ya Fupa Lothyoka m'Dziko la Fodya la Kasungu

Mu Seputembala 1863, mlendo wina wachizungu anakwera kuchokera kunyanja ku Nkhotakota n'kudzatulukira kwa mfumu Mwase, m'munsi mwa phiri la Kasungu. Anali David Livingstone. Amene anamuyang'anitsitsa ayenera kuti anaona kuti mkono wake wamanzere unali wolobodoka. Zaka 19 m'mbuyomo, mu 1844, mkango unamumbwandira ku Mabotsa, m'dziko limene lero ndi South Africa, n'kumuphwanya fupa la pakati pa phewa ndi chigongono. Fupalo silinagwirane bwino mpaka imfa yake kwa Chitambo mu 1873, moti mtembo wake utafika ku London chaka chotsatira, utauma ndipo nkhope isakuzindikirika, madokotala anatsimikiza kuti ndi yemweyo poona pothyokapo.

Munthuyu anali dokotala wophunzira ku Glasgow, koma fupa lake linamukanira, pamene m'midzi imene ankadutsamo munali anthu osapita kusukulu amene ankalima ndi kuvina pa miyendo yoti inathyokapo n'kupola. Fupa siliona nkhope. Limafuna kuwongoledwa, kenako kusiyidwa phee kwa nthawi yokwanira. Kuwongola anthu a ku Kasungu akhala akukudziwa kuyambira kalekale, koma nthawi ndi imene yakhala ikusowa, makamaka fodya atafika.

Nsungwi ndi luzi

Kale zothyola mafupa zinali za m'tchire ndi za nkhondo. Munthu ankagwa mumtengo pofula njuchi, wina ankagwera m'mbuna, wina ankagundidwa ndi njati m'nkhalango imene lero ndi Kasungu National Park. Panalinso zibonga za Angoni, amene nkhondo zawo ndi anthu a Mwase zinatisiyira dzina la Nguru ya Nawambe. Aliyense ankakhala ndi mwayi wophunzirira pa mbuzi kapena nkhuku yothyoka mwendo, koma m'dera lililonse munkakhala mmodzi kapena awiri odziwika kuti ali ndi dzanja la mafupa.

Anthu amenewa ankasiyanitsa kubinya ndi kuthyoka popanda makina. Wobinya amatupa koma amatha kupondako motsimphina. Wothyoka nthawi zambiri amanena yekha kuti anamva kuti thyoo, chiwalo chimapindika pamalo popanda mfundo, ndipo ukakhudza pamalo amodzi enieni amalumpha. Likakhala fupa la ntchafu, mwendo umafupika, phazi n'kugwera kunja. Nthawi zina nsonga ziwiri za fupa zimamveka zikukhulana mkati. Kwa mwana fupa limachita ngati nthambi yaiwisi, limapindika n'kung'aluka mbali imodzi osaduka lonse. Zizindikiro zimenezi ndi zomwe adokotala amayambira kufunsa mpaka lero asanakutumizeni kukajambulitsa.

Ndili mwana ndinaona ntchitoyi ndi maso anga, m'mudzi wina kufupi ndi mtsinje wa Dwangwa. Msuweni wanga anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka mkono pakati pa chigongono ndi dzanja. Anaitana agogo ena a kutsidya kwa dambo. Iwo sanapupulume. Anayamba atumiza mnyamata kukadula nsungwi, naing'amba timizere tofanana ndi chala, n'kutipala ndi mpeni mpaka kusalala. Timizereto anatiluka ndi luzi ngati kamphasa kakang'ono. Atamaliza ndi pamene anatembenukira kwa mwana uja.

"Inu atsibweni ake, mugwireni m'khwapamu, musamusiye ngakhale alire motani," anatero.

Anagwira dzanja n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono, osagwedeza, chala chawo chachikulu chikuyenda pa fupa. Mwana anakuwa, amayi ake anathawira kuseri kwa nkhokwe, kenako mkono unaoneka wowongoka ngati unzake. Anaukulunga ndi kansalu, nazunguliza kamphasa kaja, namanga malo atatu. Pomaliza analowetsa chala chawo pansi pa luzi kuona ngati pali mpata, n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, tagwedeza zalazi. Zikayamba dzanzi usiku uno undiitanitse, usadikire tambala." Kamphasa kameneko kwathu tinkakatcha chikhakha. Masiku otsatira ankabwera kudzamasula, kuthowa ndi madzi ofunda, kupaka mafuta a nsatsi ndi kumanganso, ndipo patatha mwezi ndi masiku angapo mwana uja anabwerera kubusa.

Anthu ankati mankhwala a agogowo ndi amphamvu. Koma amene ankalumikiza fupa ndi thupi lenilenilo. Fupa ndi chinthu chamoyo, lili ndi mitsempha ya magazi. Likathyoka, magazi amaundana pothyokapo. M'masabata 2 kapena 3 pamamera kanyama kolimbirako, konga ka m'khutu, kamene kamagwira nsonga ziwirizo. Kanyamako kamasanduka fupa m'masabata 6 mpaka 12 kwa munthu wamkulu, ndipo kwa mwana kumafulumirapo. Pamatsala mfundo imene thupi limaisema pang'onopang'ono kwa miyezi ngakhale zaka. Kugwedeza pothyokapo nthawi isanakwane kuli ngati kusuntha mphika wadothi usanaume.

Luso la makolo linali ndi malire ake. Fupa likaboola khungu, bala linkalowa dothi, mafinya n'kukhazikika m'fupa, kapena kafumbata n'kumutenga munthu. Fupa la ntchafu linkawakanika chifukwa minofu ya pamenepo ndi yamphamvu, imakoka nsonga n'kuzipambanitsa, ndipo munthu amatha kutaya magazi opitirira lita imodzi mkati mwa ntchafu popanda dontho kuoneka kunja. Opulumuka ankatsala ndi mwendo waufupi. Luzi likathina kwambiri pa chiwalo chotupa, magazi ankaleka kuyenda, zala n'kuda, dzanja n'kukhwinyata kapena kuwola.

Dothi loyera

Kumapeto kwa 1895 kunachitika zinthu ziwiri zotalikirana. Ku Germany, Wilhelm Röntgen anatulukira kuwala kumene kumadutsa mnofu n'kuonetsa mafupa, kumene lero timati ekisire. Kuno asilikali a boma la atsamunda anagonjetsa Mwase Kasungu, ndipo dera lino linalowa m'manja mwa Angerezi. Mu 1900 mishoni ya Livingstonia inatsegula siteshoni ku Kasungu, kumene timakudziwa kuti Chilanga, ndipo woyambitsa wake, George Prentice, anali dokotala. M'zaka za m'ma 1920 siteshoniyo inaperekedwa ku mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nkhoma. Umo ndi mmene mankhwala achizungu anayambira kuzika mizu kuno, ngakhale kuti makina ojambulira anatenga zaka zambiri kuti afike m'zipatala za m'maboma.

Azungu nawonso luso la mafupa analitenga kumudzi. Hugh Owen Thomas, amene anapanga chitsulo chogwira mwendo wothyoka ntchafu, anabadwira m'banja la anthu owongola mafupa a ku Wales amene ankasiyirana lusoli bambo ndi mwana, ngati agogo aja a kutsidya kwa dambo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, chitsulo chake chitayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1916, asilikali omwalira ndi fupa la ntchafu anatsika kuchoka pa 8 mwa 10 kufika pa 2 mwa 10 kapena kucheperapo. Bandeji yothira ufa woyera, imene imanyowetsedwa n'kuuma gwa, anaiyambitsa dokotala wa asilikali wa ku Holland, Antonius Mathijsen, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850. Ufawo umachokera ku mwala wofewa wotchedwa gypsum. Bandejiyi itafika kuno anthu sanavutike kuipezera dzina. Anaona kuti ikugwira ntchito ya kamphasa ka nsungwi, basi naitcha chikhakha.

Mwana wa m'dera lino, Hastings Kamuzu Banda, anachoka wapansi ali mnyamata, anakamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1937, nabwerera mu 1958. Koma chimene chinasintha kwambiri mafupa a anthu a kwawo si udokotala wake ayi, ndi fodya, mbewu imene anaikonda.

Kuthyola fodya, kuthyola fupa

M'Chichewa tsamba la fodya timathyola, fupanso timathyola. Ku Kasungu mawu awiriwa anayenda limodzi. Dongosolo la matenanti linayambira m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1920, koma linakula zedi m'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti anadzaza chidikha chonse kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya. Kunali minda ya Press Farming ndi General Farming, kunali alimi a Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, kunalinso maesiteti a akuluakulu a boma ndi a chipani cholamula. Malole ankabweretsa mabanja athunthu kuchokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Mangochi. M'zaka za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale, zigafa zinamera pafupifupi pakhomo lililonse.

Ntchito yatsopanoyi inabwera ndi ngozi zake. Mu balani munthu amakwera pamwamba, phazi lina pa mtanda uwu lina pa uwo, kulandira mikangala yolemera, ndipo mtanda wofumbwa ukathyoka amagwera pansi pouma. Chigafa chomangidwa ndi mphanda zodyedwa ndi chiswe chimagwera anthu mvula yamkuntho ikaomba. Mitengo ya nkhuni zowotchera fodya inkagwera odula. Ngolo inkagubuduka pa chitumbira ng'ombe zikadzidzimuka, thirakitala inkakhuthula antchito amene anakwera pamwamba pa nkhuni, jeke yodindira mabelo inkaphwanya zala. Mafupa ake sanalinso a mwana wogwa mumtengo. Anali a ntchafu, a chiuno ndi a msana, a anthu akuluakulu odyetsa mabanja.

Apa ndi pamene nthawi inasanduka ndalama. Fodya ali ndi kalendala yake yosapempheka: nazale m'Seputembala ndi Okutobala, kuwokera mvula ikangogwa, kuthyola ndi kusoka m'Febuluwale ndi Malichi, kenako kusankha ndi kudinda kuti msika ukatsegulidwa mabelo akhale ali panjira. Tsamba likapsa m'munda silidikira munthu. Tenanti ankalandira chimanga ndi zina pangongole, zodzadulidwa fodya akagulitsidwa. Tsono munthu wotere akauzidwa kuti agone m'chipatala miyezi iwiri m'Febuluwale, ankaona ngongole ikukula, fodya akuwola, ndipo mkazi wake, amene akanatsala akuthyola, ali naye kuchipatala komweko ngati gadiyani. Ambiri ankathawa usiku. Ena ankadula chikhakha ndi chikwakwa sabata yachitatu ululu ukangochepa, poyesa kuti apola. Akuluakulu anati fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo m'maesiteti munadzaza anthu a mikono yokhota ndi miyendo yosiyana kutalika. Ndi chifukwa chomwecho ambiri ankasankha sing'anga wa pafupi, amene amalandira nkhuku kapena kudikira mpaka okushoni, m'malo mwa ulendo wa kuboma. Lamulo lothetsa utenanti linadutsa mu 2021, koma mlimi wa ekala imodzi akadali ndi masamu omwewo m'mutu.

Adokotala a mafupa a m'maboma

Kwa zaka zambiri wothyoka fupa m'chipatala cha boma ankathandizidwa ndi aliyense amene anali pa ntchito tsikulo. Zinthu zinasintha mu 1985, pamene dokotala wa ku Canada, Edward Blair, mothandizidwa ndi a Rotary, anayamba kuphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala maphunziro a mafupa okhaokha kwa miyezi 18. Omaliza ankatchedwa ma orthopaedic clinical officer, ndipo ankatumizidwa m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni. Mu 2008 Nyengo Mkandawire ndi anzake analemba kuti anthu 117 anali ataphunzitsidwa motere, pamene madokotala akuluakulu a opaleshoni ya mafupa analipo 9 okha m'dziko la anthu pafupifupi 13 miliyoni. Choncho amene mlimi wa ku Chamama, Wimbe kapena Chulu amamutcha "adokotala a mafupa" pa chipatala cha Kasungu nthawi zambiri ndi mmodzi wa anthu amenewa, ndipo ndi iwo amene asenza gawo lalikulu la ntchito ya mafupa m'Malawi.

Amene analowapo m'chipinda chomangira chikhakha sangaiwale. Pansi pamakhala mbuu ngati pachigayo. Adokotala amayang'ana chithunzi pa windo, amabaya mankhwala oletsa ululu, wina amagwira, iwo n'kukoka, ndendende mmene ankakokera agogo aja. Amakulunga thonje, amaviika bandeji m'beseni mpaka thovu litasiya, amafinya pang'ono, n'kuzunguliza akusalaza ndi chikhatho. Posakhalitsa chikhakha chimayamba kufunda chokha pamene chikuuma. Pamwamba amalembapo tsiku lomangira ndi tsiku lodzabweranso, ndipo malangizo ake ndi akale aja: "Bambo, mwendowu muziuika pamwamba, musaunyowetse, musalowetsemo kamtengo pokanda. Zala zikatupa, zikazizira, zikada kapena ululu ukamakula, mubwere nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku."

Wothyoka ntchafu ankapita ku wodi kukakokedwa. Kachitsulo konga msomali kamabooledwa kupingasa fupa la msongolo, m'munsi mwa bondo. Kumeneko amamangako chingwe chodutsa kumiyendo kwa bedi, kumapeto kwake kukulendewera cholemera, mwina chitsulo, mwina njerwa kapena thumba la mchenga. Miyendo ya bedi amaikweza kuti wodwala asatsetsereke. Cholemeracho chimalimbana ndi minofu usana ndi usiku kuti fupa likhale pamzere. Munthu amagona chagada masabata 6, 8 kapena kupitirira, kudyera pomwepo, kudzithandizira pomwepo, gadiyani akuphika kunja ndi nkhuni zogula. Ana osakwana zaka 2 amawapachika miyendo yonse m'mwamba, matako atatukuka pang'ono, ndipo iwo amapola m'masabata ochepa akusewera. Njirayi imapoletsa, koma mtengo wake ndi nyengo yathunthu ya ulimi.

Njinga yamoto ndi chitsulo cha m'fupa

Walira mvula walira matope. Tinalira misewu ndi mayendedwe, ndipo zinabwera. M'zaka 10 kapena 15 zapitazi njinga zamoto za kabaza zafika paliponse, kuyambira pa msewu wa M1 mpaka m'tinjira ta kumidzi. Ndalama za fodya zikatuluka ku msika wa Chinkhoma kapena wa Kanengo, mnyamata amagula njinga Lachisanu, Loweruka n'kuyamba kunyamula anthu awiri ndi thumba la feteleza. Njinga yomweyo imafikitsa mayi wapakati kuchipatala msanga, koma ikawombana ndi galimoto chimene chimayamba kulandira ndi msongolo, fupa limene lili pansi pa khungu penipeni. Limathyoka zidutswa, limatulukira kunja, bala n'kudzaza fumbi.

Fupa lotere nsungwi singalithe, ndipo chikhakha chokha sichikwanira. Limafuna kutsukidwa ku fiyeta, mankhwala opha tizilombo m'maola oyambirira, ndi jakisoni wa kafumbata. Kutema mphini pamenepo kapena kuthira mankhwala a zitsamba m'bala ndiko kuitana mafinya amene amatuluka zaka ndi zaka, mwinanso kudulitsa mwendo. Chimene a pamalo a ngozi angachite n'chochepa koma n'chofunika: kuphimba bala ndi nsalu yoyera, kumangirira mwendo ku thabwa kapena nsungwi mosathinitsa, kuyambira pamwamba mpaka pansi pa pothyokapo, osayesa kubwezera fupa mkati, n'kuthamangira kuchipatala. Amene akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo, asamupinde pomukweza. Amunyamule atagona chowongoka pa chinthu cholimba ngati chitseko.

Yankho la ntchafu ndi msongolo linapezeka kale kunja. Gerhard Küntscher wa ku Germany anayamba kulowetsa chitsulo chachitali m'mphako ya fupa cha m'ma 1940. Vuto linali lakuti njirayi inkafuna makina ojambulira okwera mtengo. Mu 1999 dokotala wa ku America, Lewis Zirkle, anakhazikitsa bungwe la SIGN, limene limapanga zitsulo zotheka kuikidwa popanda makina ojambulira mu fiyeta, ndipo zitsulozi zinafika m'zipatala zikuluzikulu za m'Malawi. Kafukufuku amene Linda Chokotho ndi anzake anachita m'zipatala za dziko lino anasonyeza kuti kuika chitsulo kumathandiza bwino ndiponso kumawononga ndalama zochepa kusiyana ndi kugoneka munthu pa chingwe. Mu 2023 pa Kamuzu Central Hospital panatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chimene anthu amangoti LION, chomangidwa mothandizana ndi anthu a ku Norway. Kuchokera pa Kasungu boma ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 130. Kwa wa ku Simlemba kapena Kaluluma ndi kutali ndithu, ndipo odikira ndi ambiri, moti chingwe ndi njerwa sizinatheretu m'mawodi a m'maboma.

Pali chinanso chimene adokotala amauza odwala, chopweteka kuchimva m'dziko la fodya. Utsi wa fodya umafinya timitsempha ta magazi topita pothyokapo, kotero fupa la wosuta limachedwa kugwirana, ndipo lina limakaniratu ngati la Livingstone. Wothyoka amauzidwa kuti asiye kusuta ndi kumwa, adye nyemba, mtedza, usipa, mazira ndi masamba, ndipo chikhakha chikachoka achite mafizo kuti mfundo zisaume.

Msuweni wanga uja lero ndi bambo wa imvi. Ukasisita mkono wake umamva kamfundo pamene agogo aja anawongola, ndipo iye amati kamamuuza mvula ikamabwera. Zaka zingapo zapitazo mwana wake anagwa pa njinga yamoto m'nyengo yothyola fodya, ntchafu n'kuduka pakati. Anamutumiza ku Lilongwe, anamuika chitsulo, ndipo masiku owerengeka opaleshoni itachitika anali akuyenda ndi ndodo ziwiri. Nditapita kukamuona ndinamupeza atakhala pa mpando pansi pa chigafa, mwendo atautambasula pa belo, akusankha masamba. Bambo ake anandinong'oneza kuti, "Asuweni, mwanayu wapolatu, mawa akhoza kulowa m'munda." Mnyamatayo anapukusa mutu. Adokotala anali atamuuza kuti chitsulo changogwirizira, fupa lenilenilo lidzalimba pakatha miyezi 3 kapena kupitirira, monga linkachitira m'masiku a Mwase. Anadikira miyezi yakeyo ali pakhomo, mkazi wake ali m'munda, ndipo chaka chimenecho mabelo awo anapita ku Chinkhoma pa nthawi yake.